Galimoto Ikayamba Kutsamwa: Kodi Mlandu Ndi wa Sensa ya Mpweya?

Injini ya galimoto imapuma monga amachitira munthu, ndipo mpweya umene imameza ndi wochuluka kutalitali kuposa mafuta amene mwini wake amalipira pa pampu. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino lomwe pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, ndiko kunena kuti lita imodzi yokha ya petulo imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000. Petulo akachuluka pa muyeso umenewu, galimoto imafuka utsi wakuda, mapulagi amachita mwaye, ndipo ndalama za mafuta zimatha msanga. Petulo akachepa, injini imatsamwa ndi kusoŵa mphamvu, mwina pa nthaŵi yoipitsitsa, pamene dalaivala wayamba kupitirira lole pa mseu wa M1 ndipo kutsogoloko kukubwera basi.

Kale ntchito yosakaniza ziŵirizi inali ya kabuleta. M'magalimoto ambiri amene akuyenda m'Malaŵi masiku ano, makamaka aja ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kuloŵera pa Songwe, ntchitoyi ili m'manja mwa kompyuta. Kompyutayo ndiyo imalamula kuchuluka kwa petulo amene athiridwe m'injini, koma ilibe maso oonera mpweya. Imadalira kachipangizo kakang'ono kokhala pa paipi yaikulu, pakati pa bokosi la sefa ya mpweya ndi kachitseko kamene kamatseguka dalaivala akaponda moto. M'Chingerezi kachipangizoka amati mass airflow sensor, kapena MAF mwachidule. M'nkhani ino katchedwa sensa ya mpweya.

Sensa imeneyi imanamiziridwa kaŵirikaŵiri. Galimoto ikangoyamba kunjenjemera, nyali ya Check Engine n'kuyaka, ambiri amathamangira kukagula ina, chonsecho sensa yeniyeni si yotchipa. Patapita sabata imodzi nyali ija imayakanso, popeza matenda anali pena. Tsono funso lofunika kwa mwini galimoto ndi kwa makaniko ndi ili: kodi sensayo ikunama, kapena ikunena zoona pa zimene yaona, pamene cholakwa chili pa malo amene iyo siona?

Kuti funsoli liyankhidwe mpofunika kudziŵa m'mene sensayo imagwirira ntchito. Munthu akafuna kuti phala lizizire amaliuzira, ndipo akamauzira kwambiri limazizira msanga. M'kati mwa sensa muli kawaya ka pulatinamu kochepa ngati tsitsi limodzi, kapena kachigamba kopyapyala, kamene magetsi amakatenthetsa kufikira madigiri 100 kapena kuposapo pamwamba pa kutentha kwa mpweya woloŵa. Mpweya podutsa umaziziritsa kawayako, ndipo sensa imaonjezera magetsi kuti kutentha kubwerere pa malo pake. Magetsi oonjezerawo ndiwo muyeso wa mpweya. Masamu a njira imeneyi anaŵalongosola Louis Vessot King, katswiri wa sayansi wa pa sukulu ya ukachenjede ya McGill ku Montreal, m'chaka cha 1914, koma panapita zaka zambiri isanafike m'galimoto. Pofika 1974 kampani ya Bosch ya ku Germany inali kuika m'magalimoto makina otchedwa L-Jetronic, amene ankayeza mpweya ndi kachitseko kokankhidwa ndi mpweyawo. Kawaya kotentha kanabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi makina a LH-Jetronic. Sensa zoyambazo zinkadziyeretsa zokha: injini ikazima, kawayako kankatentha kufikira madigiri pafupifupi 1,000 kwa sekondi imodzi, fumbi lonse n'kupserera. Zambiri za masiku ano sizichita zimenezi, n'chifukwa chake zimada.

Ubwino wa kawaya kotentha ndi wakuti kamayeza kulemera kwa mpweya, osati kukula kwa malo amene mpweyawo wadzaza. Ichi ndi chinthu chachikulu m'dziko la mapiri ndi zigwa. Nsanje siifika mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo lita imodzi ya mpweya wa ku Dedza imapepuka kuposa ya ku Nsanje ndi magawo oposa 10 pa 100. Sensa yabwino imazindikira kusiyana kumeneku yokha, kompyuta n'kuchepetsa petulo galimoto ikamakwera mtunda.

Asanayambe kufufuza, makaniko ayenera kutsimikiza kuti galimotoyo ili nayodi sensa yamtunduwu, pakuti si injini iliyonse imene ili nayo. Toyota Corolla zakale za injini ya 4A-FE kapena 5A-FE, pamodzi ndi Honda zambiri za m'zaka za m'ma 1990, zimagwiritsa ntchito sensa ina yotchedwa MAP, imene imayeza kukoka kwa injini. Koma injini ya 1NZ-FE, yopezeka mu Corolla, Vitz, Sienta ndi Probox zambiri, ili ndi sensa ya mpweya, yomangidwa ndi masikuluu aŵiri potulukira pa bokosi la sefa.

Zizindikiro za sensa yodwala n'zodziŵika: injini kunjenjemera kapena kuzima galimoto itaima, kuchedwa kuyankha dalaivala akaponda moto, kufooka pa chitunda, kumwa mafuta mopitirira muyeso, nthaŵi zina utsi wakuda. Vuto lake n'lakuti zizindikiro zonsezi zimabweranso ndi mapulagi otha, pampu ya mafuta yofooka, sefa ya mafuta yotsekeka, ngakhalenso ekizozi yotsekeka. Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Makaniko amene wangomva injini ikulira n'kunena kuti sensa yafa, ameneyo sanayeze kanthu, wangoombeza.

Kufufuza kwabwino kumayamba ndi maso ndi manja, injini ili chizimire. Sefa ya mpweya itulutsidwe n'kuunikidwa pa dzuŵa. M'miyezi ya chilimwe, pa miseu ya fumbi ya m'maboma, sefa imadzaza msanga, ndipo pali chizoloŵezi choipopera ndi mpweya wamphamvu wa pa galaja n'kuibwezera momwemo. Mpweya wotere umaboola pepala la sefayo timabenga tosaoneka, fumbi n'kumadutsa kukamatirira pa kawaya kotentha. Bokosi la sefa losatsekedwa bwino limachitanso chimodzimodzi. Sefa zina zamasiku ano zimapakidwa mafuta, ndipo mafutawo akachuluka amauluka kukakuta kawayako.

Pambuyo pa sefa, paipi yaikulu ya mphira yochoka pa sensa kupita ku injini ndiyo yofunika kuiyang'ana modekha koposa zonse. Tiyerekeze phwando la ukwati limene mnyamata waikidwa pa chipata kuti aziŵerenga alendo ndi kuuza ophika. Ngati mpanda wathyoka kuseri, anthu n'kumaloŵera kumeneko, nsima idzachepa ndithu, koma mnyamata uja sanalakwe kuŵerenga, ndipo kumchotsa n'kuikapo wina sikungachulukitse nsimayo. Momwemonso mpweya uliwonse woloŵa m'injini kupyolera pa mng'alu umene uli kutsogolo kwa sensa, kumbali ya injini, sunaŵerengedwe, ndipo kompyuta siuthirira petulo. Paipi imeneyi imakonda kung'ambika m'makwinya ake, kunsi kumene diso silifika, motero iyenera kupindidwa ndi dzanja kuti ming'alu iyasame. Zomangira zake zikhale zothina. Timapaipi ting'onoting'ono, monga ka ku mabuleki ndi kotulutsa nthunzi ya oilo, pamodzi ndi gasiketi ya poloŵera mpweya m'injini, tonseti tikhoza kukhala mpanda wothyoka. Injini ikamalira, mng'alu umamveka ngati kamluzu. Magalaja ena ali ndi makina opopera utsi m'mapaipi kuti utulukire pong'ambika, ndipo iyi ndiyo njira yotsimikizika. Kupopera mankhwala oyaka pa injini yotentha, monga ena amachitira, ndi kuseŵera ndi moto.

Kenaka ndi nthaŵi yofunsa kompyuta. Kuyambira 1996 ku America, ndi 2001 ku Ulaya pa magalimoto a petulo, lamulo linakakamiza opanga magalimoto kuika soketi imodzimodzi ya mabenga 16 pafupi ndi chiongolero, imene amaitcha OBD-II. Kamakina koŵerengera kakalumikizidwa pamenepo kamaonetsa manambala a zolakwa. Magalimoto ena akale amene anapangidwira msika wa ku Japan samvana ndi timakina totchipa ngakhale ali ndi soketi yomweyo, ndipo amafuna makina amphamvupo. Manambala okhudza sensa ya mpweya amayambira pa P0100 kufikira P0104. P0102 imatanthauza kuti uthenga wochokera ku sensa ndi wotsika kwambiri, P0103 kuti ndi wokwera kwambiri, P0104 kuti ukudukiza, ndipo P0101 kuti muyesowo sukugwirizana ndi zimene kompyuta ikuyembekeza. Palinso P0171, yonena kuti petulo akuchepa, ndi P0172, yonena kuti akuchuluka.

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Palibe nambala imodzi mwa izi imene imanena kuti sensa isinthidwe. P0102 ikhoza kubwera chifukwa khoswe wadya waya, kapena fyuzi yapsa, kapena cholumikizira mawaya chachita dzimbiri galimoto itatsukidwa. P0101 ikhoza kubwera ndi paipi yong'ambika ija. Nambalayo imangoloza mudzi umene mlandu wachitikira, siitchula wolakwa. Ndi bwino kuilemba pa pepala isanafufutidwe, pamodzi ndi zimene kompyuta inasunga za liŵiro ndi kutentha kwa injini pa nthaŵi imene cholakwacho chinaoneka.

Chuma chenicheni cha kamakinako chili pa manambala amoyo, amene amasintha injini ikamalira. Kiyi itatsegulidwa koma injini isanalizidwe, muyeso wa mpweya uyenera kukhala pafupi ndi ziro, popeza palibe chikuyenda. Sensa yoonetsa mpweya wambiri pa nthaŵi imeneyi yadziulula yokha. Injini ya malita 1.5 itatentha, galimoto itaima, magetsi ndi makina oziziritsa mpweya zili zozimitsa, imaonetsa magalamu a pakati pa 1 ndi 3 pa sekondi. Amakaniko ali ndi kalamulo kao kakuti nambalayi imayandikana ndi kukula kwa injini m'malita, ngakhale buku la galimotoyo ndilo lili ndi mau otsiriza. Dalaivala akamaponda moto pang'onopang'ono, nambalayo iyenera kukwera mosalala, popanda kulumpha kapena kugwa.

Komabe kompyuta ili ndi mboni yachiŵiri, ndipo kufufuza konse kwagona pa kuyerekeza mboni ziŵirizi. M'paipi ya ekizozi muli sensa ina yonunkhiza okosijeni wotsala mu utsi. Ikaona kuti okosijeni watsala wambiri, kompyuta imadziŵa kuti petulo anachepa ndipo imaonjezera. Ikaona kuti watsala wochepa, imachepetsa. Kukonza kumeneku kumaoneka pa kamakina ngati manambala aŵiri otchedwa short term fuel trim ndi long term fuel trim, woyamba wa kanthaŵi komweko, wachiŵiri wa zimene kompyuta yaphunzira pa masiku angapo. Aŵiriŵa akaphatikizidwa, injini yathanzi siipitirira magawo 5 pa 100 kumwamba kapena kunsi. Akapitirira magawo 10, pali china chimene chalakwika.

Nambala yokhayo siikwanira. Chofunika ndi kuona nthaŵi imene imakwera. Galimoto itaima, injini imakoka mpweya wochepa, motero mng'alu waung'ono umakhala gawo lalikulu la mpweya wonse. Ngati kompyuta ikuonjezera petulo ndi magawo 18 pa 100 pa nthaŵi imeneyi, koma injini ikazungulira ka 2,500 pa miniti nambalayo n'kutsikira ku magawo 4, mlandu ndi wa mng'alu, sensa ilibe chifukwa. Sensa yakuda imachita mosiyana. Fumbi limakuta kawaya ngati bulangete, mpweya wothamanga sukaziziritsa mokwanira, ndipo sensa imanena mpweya wochepa kuposa umene wadutsa. Galimoto itaima nambala ya kukonza imakhala pafupi ndi ziro, mwina kunsi kwake pang'ono, koma pa liŵiro ndi pa chitunda imakwera kwambiri. Chenjezo lake ndi ili: pampu ya mafuta yofooka, kapena sefa ya mafuta yotsekeka, imajambula chithunzi chomwechi, chifukwa nayonso imalephera pamene injini ikufuna petulo wambiri. Motero mphamvu ya pampu iyezedwe ndi geji sensa isanaweruzidwe. Ekizozi yotayira pafupi ndi injini nayonso imanamiza mboni yachiŵiri ija, poloŵetsa okosijeni wakunja mu utsi.

Pali samu imodzi imene mwana wa Fomu 2 akhoza kuichita, ndipo imasiyanitsa pampu ndi sensa. Injini imakoka mpweya wodzaza masilinda ake onse kamodzi pa kuzungulira kuŵiri kulikonse. Ya malita 1.5, ikazungulira ka 6,000 pa miniti, imakoka ka 3,000, ndiwo malita 4,500 pa miniti kapena 75 pa sekondi. Ku Lilongwe, kumene kuli pa mamita pafupifupi 1,050, lita ya mpweya imalemera galamu imodzi ndi kanthu pang'ono, ndipo popeza silinda siidzaza mpaka pakamwa, injini yathanzi idzaonetsa magalamu a pakati pa 65 ndi 70 pa sekondi moto utapondedwa wonse. Ikaonetsa zoterozo, koma kompyuta n'kumadandaulabe kuti petulo akuchepa, sensa ikunena zoona ndipo diso litembenukire ku mafuta. Ikaonetsa 45 pamene kompyuta ikuonjezera petulo mwamphamvu, sensa ikubisa mpweya. Ikaonetsa 45 koma kompyuta osaonjezera kanthu, ndiye kuti injiniyo ikulephereradi kupuma, ndipo oganiziridwa ndi sefa yotsekeka kapena catalytic converter yotsekeka m'ekizozi. Kuyesa kumeneku kumafuna anthu aŵiri, wina pa chiongolero ndi wina wogwira kamakina, pa mseu wopanda anthu ndi ziŵeto.

Kumene kulibe kamakina kotere, mita yoyezera magetsi imathandiza. Sensa ya pa Toyota ili ndi mawaya asanu: atatu ndi a muyeso wa mpweya, aŵiri ndi a kachipangizo koyeza kutentha kwa mpweya kamene kali m'nyumba yomweyo. Waya wina uyenera kubweretsa mavolti 12 kiyi itatsegulidwa, wina ndi wobwezera magetsi, wachitatu ndiwo wonyamula uthenga, umene umakhala pafupi ndi volti imodzi galimoto itaima ndi kuyandikira mavolti 4 moto utapondedwa wonse. Sensa za magalimoto ena sizitumiza uthenga wao mwa mavolti, motero chithunzi cha mawaya a galimotoyo chionedwe poyamba. Babu loyesera lisagwiritsidwe ntchito pa waya wa uthenga, chifukwa likhoza kuononga kompyuta. Kugwedeza mawaya ndi kugogoda sensa pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva injini ikulira kumaulula kulumikizana kotayirira: injini ikadzidzimuka, pali waya kapena china m'kati chimene chamasuka.

Njira yokondedwa kwambiri m'magalaja ndiyo kuzula cholumikizira cha sensa n'kuliza injini. Kompyuta ikasoŵa uthenga imagwiritsa ntchito manambala osungidwa kale, ndipo galimoto ikayenda bwinoko anthu amati mlandu watha. Sunathe ayi. Kompyuta imene yaleka kumvera sensa yalekanso kusokonezeka ndi mng'alu wa pa paipi yaikulu ija, motero galimoto yong'ambika paipi nayonso imachira pa kuyesa kumeneku. Komanso magalimoto ena amangozima, ndipo Nissan zambiri zimakana kuzungulira kupitirira ka 2,400 pa miniti. Wofuna kuyesa motere ayambe wazimitsa kiyi, ndipo adziŵe kuti adzasiya manambala atsopano a zolakwa m'kompyuta, monga P0113, amene sayenera kusokeretsa wodzaŵerenga pambuyo.

Umboni ukaloza sensa, kuitsuka kumabwera kugula kusanafike. Pali mankhwala opopera opangidwira ntchito imeneyi, amene amauma osasiya kanthu. Petulo, parafini, mankhwala otsukira kabuleta, mswachi, thonje ndi mpweya wamphamvu, zonsezi zimapha sensa imene ikanachira. Kawayako sikakhudzidwa ndi kanthu kalikonse. Pa sensa ya Toyota ambiri amatsuka kamkanda kofiirira koonekera poyera n'kuganiza kuti atha, chonsecho kameneko n'koyeza kutentha. Timawaya totentha tili m'kati mwa kangalande, ndipo timaoneka munthu akasuzumira ndi tochi. Itapoperedwa, sensa isiyidwe iume yokha isanabwezeredwe, kamphira kake kozungulira kali pa malo pake.

Pa injini za dizilo zamakono nkhani imasinthako pang'ono. Kumeneko sensa yonena mpweya wochepa imachititsa kompyuta kuchepetsa dizilo, galimoto n'kukhala yaulesi popanda utsi. Koma valavu ya EGR, imene imabweza utsi wina m'injini, ikakanirira chitsegukire imachepetsadi mpweya watsopano, sensa n'kunena zoona zimene zimaoneka ngati bodza. Valavuyo iyang'anidwe poyamba.

Kutsuka kukapanda kuthandiza, mawaya ali bwino, mapaipi ali bwino, mafuta akufika mokwanira, pamenepo ndiye sensa igulidwe. Nambala yolembedwa pa yakaleyo ndiyo yotsatira, chifukwa sensa ziŵiri zofanana maonekedwe zikhoza kukhala ndi miyeso yosiyana, iliyonse ya injini yake. Zotchipa zopanda dzina kaŵirikaŵiri zimanama zikadali zatsopano, ndipo yakale yeniyeni ya Denso, Hitachi kapena Bosch yochotsedwa m'galimoto yogumulidwa nthaŵi zambiri imaposa yatsopano yachinyengo. Kumene kuli kotheka, kubwereka sensa ya galimoto ina ya injini yomweyo imene ikuyenda bwino, kwa theka la ola lokha, kumatsimikiza nkhani ndalama isanatuluke m'thumba. Sensa zimene zimabwera ndi paipi yake zili ndi muvi woloza kumene mpweya ukupita, ndipo muviwo uloze ku injini.

Itaikidwa yatsopano, manambala a zolakwa afufutidwe pamodzi ndi zimene kompyuta inaphunzira pa nthaŵi ya matenda, kuti isapitirize kuthira petulo woonjezera amene sakufunikanso. Galimoto iyende ulendo wa m'tauni ndi wa pa mseu waukulu, injini itatentha bwino, kenaka kamakina kalumikizidwenso. Manambala aŵiri a kukonza aja akakhala m'kati mwa magawo 5 pa 100, galimoto itaima ndiponso ikuthamanga, ntchito yatha. Akayambanso kukwera, sensa yakale ija isatayidwe, ndipo kufufuza kubwerere ku mapaipi ndi ku pampu ya mafuta.